Galimoto Yathu ya pa Chulu

Amuna anga anakhala ndi galimoto imodzi yokha moyo wawo wonse. Inali pikapu yoyera, ndipo kutsogolo kwake kunali kachitsulo ka mkango woimirira ndi miyendo yakumbuyo. Dzina la kampani yake linkandikanika kutchula, choncho ine ndi anthu onse a m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Bangula, tinkangoti ya mkango.

Iwo anabadwira ku Mozambique. Asanandikwatire anali dalaivala wa mwini sitolo wina kumeneko, amene anali ndi galimoto ya mtundu womwewo. Atawolokera kuno analibe kanthu, koma mtima wawo unatsalira pa galimotoyo. Tinalima thonje zaka zambiri, tinagulitsa nsomba zouma, mpaka anagula yakeyake kwa mkulu wina amene ankapuma ntchito ku esiteti ya nzimbe. Inali itayenda kale kwambiri. Chitseko cha mbali yanga chinkatsekulidwa ndi kunja kokha.

Mbiri ya kampaniyo ankaidziwa ngati ya abale awo. Ankaifotokoza akutsuka galimoto, kaya pali womvera kaya palibe.

"Anthu amenewa sanayambe ndi magalimoto, mayi. Anayamba ndi masowo ochekera matabwa. Kenako timphero togayira khofi. Kenako njinga. Mkangowu anauika poyamba pa sowo, chifukwa cha mano."

"Ndiye thonje lathu lonse lija munagulira sowo ya matayala?"

"Sekani. Mukadwala mukwera sowo yomweyi."

Ndipo ndinakweradi. Inanyamula ine, inanyamula thonje, mapira, madengu a nsomba za mlamba ndi makakana, amayi oyembekezera, mabokosi a maliro. Patapita zaka kunabwera mapikapu a ku Japan, ya mikango n'kuyamba kusowa pa msewu. Amuna anga ankati kampaniyo ikupangabe magalimoto, koma atsopanowo ndi ozungulira ngati sopo wosambira, ndipo zitsulo za yakale ngati yathu zinasiya kubwera. Akafuna sipeya ankakafunafuna pa inzake imene inafa. Ulendo wotero ankabwerako osasangalala. Chimene chinkawapweteka chinali kuona galimoto itachotsedwa matayala, itakhazikidwa pa njerwa, nkhuku zikuikira m'kati.

Kuseri kwa nyumba yathu, kupitirira khola la mbuzi, kuli chulu chachikulu. Iwo anasalaza pamwamba pake ndi khasu, nakonza njira yokwerera. Galimoto inkagona pamenepo, itayang'ana kumunsi. Batire ikafooka ankangomasula buleki, iyo n'kutsetsereka, n'kulira yokha. Koma chifukwa chachikulu chinali madzi. Kuno kwathu aliyense amadziwa kuti chinthu chimene ukufuna kudzachipeza mvula ikatha umachiika pamwamba.

Atayamba kudwala, miyendo itatupa, anasiya kuyendetsa. Tsiku lina m'mawa anandiuza kuti ndiwagwire dzanja tikwere pa chulu. Anandikhazika pa mpando wawo, pamene ndinali ndisanakhalepo chigulireni galimotoyo.

"Gwedezani giya. Ikuyenda momasuka? Eya. Kokani kachitsulo ako. Tsopano potozani kiyi, ikalira musiye."

Inalira. Ndinachita mantha, n'kuchotsa manja onse.

"Basi, mwatha sukulu," anatero. "Loweruka lililonse muziiliza, ikhale ikulira mpaka madzi a tiyi awire. Galimoto ikakhala chete imafa. Ndipo isadzafere pa njerwa, mayi. Chimenecho chokha."

Ndinavomera. Za chulu sananene kanthu. Sanaganize kuti munthu wobadwira m'chigwa muno angafunike kuuzidwa.

Anamwalira m'mwezi wa June. Pogawa katundu wa malemu, mng'ono wawo, alamu anga, anatenga njinga, wailesi ndi jekete. Za galimoto anati akulu awo anawauziratu kuti ikhale ndi ine. Komanso alamu sadziwa kuyendetsa. Iwo ndi munthu wa ng'ombe. Mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi, anakhala nane milungu itatu n'kubwerera ku banja lake ku Nchalo. Pakhomo panatsala ine ndi mbuzi.

Masiku anali aatali. Ndinkaphika kamodzi, n'kudya kawiri. Loweruka lokha ndi limene linali ndi ntchito yake. Ndinkagula petulo wa m'botolo ku Bangula, n'kuthira, n'kugwedeza giya, n'kupotoza kiyi. Ikalira ndinkatsika, n'kuzungulira, n'kukakhala mbali yanga. M'katimo munkanunkhabe petulo ndi nsomba zouma ndi mafuta amene ankadzola kumutu. Mpando wawo unali ndi dzenje la thupi lawo. Ndinkakhala choncho galimoto ikunjenjemera, osapita kulikonse, mpaka ndiganize kuti madzi a tiyi akanakhala atawira.

Koma ndikakhala pa khonde sindinkaiona. Nyumba inkaitchinga. Kale sizinkandivuta, chifukwa madzulo ndinkamva ikubwera ili kutali, n'kuyamba kupala moto. Tsopano kuyambira Lamulungu mpaka Lachisanu panalibe choona, panalibe chomva.

Mu October, dzuwa lija loti nsapato zapulasitiki zimafewa, ndinaitana alamu. Ndinawauza kuti dzuwa likuwononga matayala, tiitsitse ikhale pansi pa mtengo wa nimu, pabwalo.

"Alamu, zaka zonsezi dzuwa linali kuti?" anafunsa. "Layamba chaka chino?"

"Mwini wake ankaiyendetsa. Tsopano ikungowotchedwa malo amodzi."

"Mvula ili pafupi."

"Ikayamba tidzaibweza."

Anandiyang'ana. Ndikhulupirira anadziwa kuti nkhani si matayala. Anagwira chiwongolero monga amagwirira chingwe cha ng'ombe, n'kumasula buleki, ndipo inatsetsereka yokha mpaka pansi pa nimu. Kutsika kunali kosavuta. Sitinaganize kuti pokwera padzafunika woyendetsa, kapena amuna khumi.

Miyezi itatu imeneyo ndinakhala bwino kuposa ina yonse chimwalirireni iwo. Ndikatsekula chitseko m'mawa, mkango unkandiyang'ana. Ndinkasenda mbatata nditatsamira tayala. Mvula itayamba, alamu anabwera kawiri kudzandikumbutsa. Koyamba ndinati anthu ali kumunda, tidikire Lamulungu. Kachiwiri ndinati matope achuluka, njira ya pa chulu ikuterera.

Madzi anabwera mu January, m'mawa, kutagwa mvula masiku atatu kumapiri. Ndinali kusesa pamene ndinamva anthu akukuwa kumunsi. Madziwo anafika pabwalo ngati munthu wathira ndowa, ofiira, onyamula zinyalala. Pamene ndinkamasula mbuzi anali m'mawondo. Ndinatenga bulangete ndi thumba la ufa, ndipo ine ndi mbuzi zanga tinathawira pa chulu.

Pamwambapo panali pouma. Mizere ya matayala inkaonekabe pa dothi, ndi banga lakuda la oilo. Ndinaima pa bangalo ndikuyang'ana m'mbali mwa nyumba, pamene nimu ankaonekera. Madzi anakwirira matayala. Anafika pa zitseko. Masana mkango unamira. Bwato litabwera kudzatitenga, denga lokha ndi magalasi ndi zimene zinkaoneka.

Tinakhala pa sukulu ya kumtunda milungu iwiri. Nditabwerera ndinapeza khoma limodzi la nyumba litagwa, koma ndinayamba ndi galimoto. Masiku awiri ndinkachotsa matope ndi manja, m'mipando, pansi pa mapedulo, m'bodi yakumbuyo yonyamulira katundu. Mkango ndinautsuka ndi phulusa mpaka unawala. Batire ndinaisenza pamutu kukatchajitsa ku Bangula. Kunja kwake galimoto inaoneka ngati palibe chinachitika.

Loweruka litafika ndinachita chimene ndinaphunzitsidwa. Ndinathira petulo, ndinagwedeza giya, ndinakoka kachitsulo, ndinapotoza kiyi. Inatsokomola kawiri. Ndinapotozanso. Inagwira pang'ono, kenako m'kati munamveka gu! ngati munthu wamenya ndi munsi mtondo wopanda chimanga. Ndinapotoza kachitatu, koma kunangomveka kachitsulo kakugogoda.

Ndinakaitana makaniko wachikulire wa ku Bangula, mnzawo wa malemu, amene ankafunira limodzi masipeya. Anabwera pa njinga. Anatsekula boneti, n'kusolola kawaya koyezera oilo. Oilo anali ngati tiyi wa mkaka.

"Mayi, munailiza?"

"Linali Loweruka."

Anavula chipewa n'kukhala pansi pa muzu wa nimu. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti madzi anali m'kati mwa injini, ndipo injini ikazungulira ili ndi madzi zitsulo zimapindika. Akanabwera ndisanagwire kiyi, akanachotsa madzi ndi matope, akanasintha oilo, ndipo mwina ikanadzuka.

"Mitundu iyi ndi yolimba," anatero. "Madzi okha sakanaipha."

Ndinafunsa za injini ina. Anapukusa mutu. Ya mikango imene inatsala m'chigwa chonse ankaidziwa, ndipo yoyenda inali imodzi, ya mkulu wina wa ku Nsanje, nayenso wovutika ndi masipeya.

"Chimene ndingakuchitireni, ndiikhazike pa njerwa, matayala tisunge m'nyumba asaole."

"Nkhabe," ndinatero pokana. Chisena ndimachilankhula pang'ono, koma liwu limenelo linatuluka monga ankalinenera amuna anga.

Anandimvetsa. Anakwera njinga yake n'kupita.

Inakhala pansi pa nimu mpaka nthawi yokolola. Matayala ndinkawapopa ndi pampu ya njinga imene ndinkabwereka kwa alamu, koma mpweya unkatha msanga kuposa mphamvu zanga. Loweruka linasanduka ngati masiku ena onse. Tsopano ndinkaiona ndili pa khonde, monga ndinkafunira, koma ndinayamba kukhala chofulatira. Anthu ogula zitsulo zakutha anabwera kawiri ndi lole yawo, ndinawabweza. Tsiku lina ndinapeza nkhuku ya oyandikana nawo itaikira mazira atatu m'bodi. Ndinawachotsa, ndinaithamangitsa, mawa lake inabweranso.

Mlungu womwewo ndinapita kwa alamu kukabweza pampu. Ndinawapeza akusenza mapira pamutu, iwo ndi akazi awo, ng'ombe zawo ziwiri zili gone pamthunzi. Ngolo yawo inapita ndi madzi. Ndinaima ndikuyang'ana ng'ombezo. Ngolo zambiri kuno kwathu ndi mabodi a mapikapu akale, odulidwa pamodzi ndi matayala akumbuyo. Ndakhala ndikuziona chibadwire, koma ndinali ndisanaganizepo kuti iliyonse inali galimoto ya munthu.

"Alamu, bodi ija ingakwane ng'ombe zanuzi?"

Anatula dengu. "Mukufuna kudula mkango pakati? Akulu anga adzandikwapula kumaloto."

"Anati isafere pa njerwa. Sanati iziyenda ndi petulo."

"Inu alamu, mukanakhala loya."

Anaseka, koma ine sindinaseke, ndipo nawonso anasiya.

Makaniko uja anabwera ndi munthu wowotcherera zitsulo. Akazi a alamu anandiuza kuti ndipite kwawo ndisaone, koma ndinakana. Ndine ndinaitsitsa pa chulu, ndine ndinapotoza kiyi. Ndinakhala pa khonde kuyambira pamene anayamba mpaka pamene anamaliza. Anaidula kuseri kwa mipando. Chitsulo chinali chokhuthala moti masowo awiri anathyoka, ndipo makaniko anati, "Mwaona? Anayamba ndi masowo anthu amenewa, akudziwa kuwabwezera." Nayenso mbiri ija anaimva kambirimbiri.

Mbali yakutsogolo ndinapatsa makaniko. Anati magetsi, zitseko, chiwongolero ndi giya zikathandiza ya ku Nsanje ija kuti iyendebe. Ine ndinatsala ndi mpando, umene uli pa khonde panga mpaka lero, ndi mkango, umene anaukhomera kutsogolo kwa ngolo.

Tsiku loyamba alamu anamanga ng'ombe, n'kundiuza kuti ndikwere. Tinapita kumunda kwawo kukatenga mapira. Inkayenda mofewa, chifukwa masipuling'i ndi omwe aja. Podutsa pa msewu amayi ena anaizindikira, n'kukuwa kuti, "Ya mkango yadzuka!" Ine ndinangogwira m'mphepete mwa bodi, pamene utoto unatha ndi zingwe zimene amuna anga ankamangira thonje.

Ngati ndinasunga lonjezo kapena ayi, sindikudziwa. Pa njerwa sinakhalepo. Koma siliranso, ndipo kulira kuja ndi kumene ndimakusowa. Loweruka alamu amandinyamula popita ku Bangula, ndipo njira yonse kumangomveka ziboda ndi chikwapu.

Ngoloyo imagwira ntchito kwa alamu, koma ndinawauza kuti izigona kwanga. Madzulo ng'ombe zimaikweza pa chulu, iwo n'kumasula goli n'kupita nazo. Ndikakhala pa khonde sindiiona. Ndikafuna kuiona ndimadzuka pa mpando uja, n'kuzungulira nyumba, n'kudutsa khola la mbuzi, n'kukwera.