Tsamba Limene Ndinakwirira Mumchenga

Bukulo linali ndi chikuto chofiira chopindika m'makona, ndipo linkanunkha choko. Mawu anali ochepa, zithunzi ndiye zambiri. Anabwera nalo ndi aphunzitsi athu a Sitandade 3, mayi wa kumpoto amene anali atangotumizidwa kumene kusukulu yathu, pafupi ndi Senga Bay. Inali nyengo ya mwera.

Chaka chimenecho amayi ankachapa nsalu za pabedi ku loji ina, choncho ndikaweruka kusukulu mlongo wanga wakhanda ankakhala kumsana kwanga mpaka madzulo. Ndinkadziwa kumanga chitenje mfundo yake osamasuka. Ndikamapita kunyanja kukatsuka mbale, anyamata ankandidikirira pamchenga. Wamkulu wawo, wa chipsera pachibwano, amene tinali naye kalasi imodzi, ankafuula kuti, "Mwaswera bwanji amake mwana? Ku Mbenji sakakulolani inu, akazi saponda kumeneko!" Amalume anali kuchilumbako kukapha nsomba, ndipo ndinkakhulupiriradi kuti sadzanditenga konse.

Tsiku lina mnyamatayo anandilonjeza kuti adzandikweza m'bwato n'kukanditaya pakuya, aone ngati ndili mwamuna. Sindinkadziwa kusambira. Mwera ukamaomba, mafunde ankabwera ndi thovu loyera, ine nditaima patali, mwana akupumira pakhosi panga.

Ndiye aphunzitsi anatsegula buku lija pamaso pa kalasi yonse. Patsambapo panali mnyamata atabereka khanda, akuseka, anzake akusewera mpira pambali pake. "Mukuonapo cholakwika apa?" anafunsa. Kalasi yonse inangoti phwete kuseka, mitu yonse n'kutembenukira kwa ine. Lero ndikudziwa kuti mayi aja ankafuna kunditeteza, ndipo sindiwaimba mlandu. Koma tsiku lija ndinangoona kuti andivula pagulu.

Pa buleki ndinabwerera m'kalasi ndekha, ndinang'amba tsambalo n'kulibisa m'malaya. Ndinakalikwirira mumchenga kuseri kwa thandala loyanikapo usipa. Sabata yonseyo chakudya chinkandikana. Ndinkaopa nyanja, ndinkaopa chikwapu cha aphunzitsi, ndipo Lamlungu kutchalitchi atawerenga lamulo lakuti usabe, ndinaweramitsa mutu poganiza kuti Mulungu waloza ine.

Lolemba aphunzitsi anatsegulanso bukulo. Anayendetsa chala pamene panang'ambikapo, osayang'ana wina aliyense. Ine ndinagwira benchi ndi manja onse awiri. Iwo anangoti, "Tsamba lathu lasowa. Tijambula ena." Anatigawira mapepala, nati aliyense ajambule munthu wa kwawo amene amagwira ntchito imene anthu amati si yake.

Mtsikana wina anajambula azakhali ake akusoka ukonde. Ine ndinajambula bwato lopanda munthu, poopa kudziulula. Mnyamata wa chipsera uja anatsiriza mochedwa, atatchinga pepala ndi mkono. Aphunzitsi atalimata pakhoma, tinaona bambo wamtali akusinja mumtondo, kamwana kali kumsana. Amayi ake a mnyamatayo anali atamwalira dzinja lapitalo. Tonse tinkadziwa zimenezo, koma palibe amene anali ataganizapo kuti kwawo amasinja ndani. Palibe anaseka. Iye anangoyang'ana pansi, akukanda chipsera chake.

Sananditaye m'nyanja. Kunyoza sikunathe tsiku lomwelo, koma za bwato sanazitchulenso. Tsamba lija sindinalifukule, ndipo aphunzitsi sanandifunse mpaka anasamutsidwa.

Patapita zaka zambiri, mkazi wanga atatisiya, ndinabereka mwana wathu wamkazi kupita naye kusikelo, ndi mfundo yomwe ija. Amayi a pamzere ankandiyang'ana, ena mwachisoni, ena akubisa kuseka. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira bambo wa pamtondo uja, ndi mwana wake amene ankandidikirira pamchenga. Mnyamatayo ndimamutchula m'mapemphero, ngakhale sindidziwa kumene ali. Nthawi ija ndinali wamng'ono. Ndinkaganiza kuti m'kalasi monse muja wamantha ndinali ine ndekha.