Mawu a Abambo M'tepi Yachuku

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene polenga munthu sanamupatse maso okha, koma anamuikiranso makutu. Kale sindinkaziona ngati chinthu chothokozera, mpaka pamene tepi ya ukwati wanga inandiphunzitsa.

Tepiyo anaijambula kwathu ku Mwadzama ndi msuweni wanga amene ankagwira ntchito kuminda ya nzimbe ku Dwangwa. Anabwereka kamera yaikulu yonyamula paphewa, ndipo tsiku lonse anali thukuta kamukamu kulondola anthu. Zaka zoyambirira tinkaionera pa deki ya aphunzitsi ena oyandikana nawo nyumba. Dekiyo itafa, tepi inalowa m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo inagona momwemo mpaka ana anga anakula.

Abambo anga anatisiya. Patapita zaka, maso a amayi anachita ng'ala mpaka anasiyiratu kuona, ndipo tinawatenga kudzakhala nafe pa Boma. Tsiku lina ndikupeta mpunga pakhonde, iwo ali pamphasa, anati, "Iwe, nkhope ya abambo ako ndimaiona bwinobwino mumtimamu. Koma mawu awo andithawa. Ndimayesa kuwamva akupemphera, sakubwera."

Ndinakumbukira kuti paukwati paja abambo ndi amene anapempherera chakudya. Ndinatulutsa tepi ija. Pakagalasi kake pankaoneka chuku choyera chitayanga m'kati, chifukwa chinyezi cha kunyanja kuno sichisiya kanthu. Malemba sananame za chuma cha pansi pano, kuti njenjete ndi dzimbiri zimachipeza ngakhale uchibise.

Kufupi ndi msika kuli bambo wina wachisilamu, wa mabanja akale a m'tauni muno, amene ali ndi kashopu koika nyimbo m'mafoni. Anthu anandiuza kuti ndi yekhayo amene akadali ndi deki yamoyo, ndipo amasamutsa matepi akale kuwaika pa chimbale. Nditamupititsira, anaitembenuza tepiyo m'manja, n'kuitsegula, n'kuyamba kupukuta pang'onopang'ono ndi thonje lonyowetsa ndi spiriti.

"Mayi, tepi yanuyi yadwala," anatero. "Ntchito imeneyi ilibe chidule. Tepi imayenera kuyenda yokha kuchokera poyamba mpaka pomaliza, kompyuta ikutola. Ikafika kumapeto osaduka, Alhamdulillah."

Ndinaisiya m'manja mwake, ndipo sinaduke. Nditakatenga chimbale, tinasonkhana pabalaza, amayi titawakhazika pafupi ndi sipika. Zithunzi zinatuluka bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Ana ankaseka diresi langa ndi jekete lalikulu la bambo awo. Koma chiyambire, chimene chinkamveka chinali kwaya yoyimba ndi zing'wenyeng'wenye zamakono, nyimbo imodzi ikatha ina n'kuyamba. Kenaka abambo anaonekera ataima pansi pa mtengo wa mango, manja atagwirana, milomo ikuyenda. Kwaya inkangoyimbabe.

"Afika pati?" anafunsa amayi.

"Abambo akupemphera, amayi."

"Nanga akuyimbawa ndani? Sangadikire munthu amalize?"

Amayi anapempha kuti tiwaperekeze kuchipinda.

M'mawa mwake ndinabwerera kumsika. Bambo uja anandilandira ndi nkhope yowala, akuganiza kuti ndabwera kudzathokoza. Anandifotokozera kuti zimbale za ukwati amazikonza choncho. Mawu a matepi akale amakhala mphepo yokhayokha, ana kulira, nkhuku, ndipo anthu amadandaula, ndiye amangoikapo nyimbo.

"Ndinachita kukafunsa mnzanga wopemphera kutchalitchi kuti andisankhire nyimbo zabwino za kwanu," anatero. "Sindinafune kukuikirani zilizonse."

Mkwiyo umene ndinanyamula kunyumba unathera pomwepo. Munthuyo anandichitira ulemu monga mmene ankadziwira. Ndinamuuza za amayi, kuti chithunzi kwa iwo n'chimodzimodzi khoma, ndipo chimene akufuna ndi mawu. Anagwira kumutu.

"Chingwe cha mawu sindinachilumikize n'komwe, mayi. M'kompyutamu mulibe kanthu. Mawuwo ali m'tepi mokha, ndipo kuti iyendenso kachiwiri sindikulonjeza."

Kenaka anati, "Bwerani nawo agogowo. Akhale pompano pamene ikuyenda. Magetsi akathima kapena kompyuta ikakana, makutu awo akhala atatola kale."

Tinapita tsiku lotsatira, amayi pa kabaza wina, ine pa wina kumbuyo kwawo ndikukuwa kuti ayende nawo bwino m'mabampu. Kashopuko n'kakang'ono. Mwini wake anapatsa amayi mpando wake, n'kuzimitsa sipika yapanja imene imaitana makasitomala. Anati sangathamangitse tepi kuti ifike msanga papemphero, chifukwa kukoka mwamphamvu ndi kumene kungaidule. Tinayenera kuyamba poyambirira.

A kabaza amene anatibweretsa sanachoke, ndipo tepi itayamba kuyenda, anzawo anawonjezekera pakhomo kudzaonera.

"Mayi, ndinu amenewo? Munali bango lenileni!"

"Taonani amuna anuwo, kani anali ndi tsitsi?"

"Jeketelo anabwereka kwa ndani? Mwini wake analipo awiri!"

"Ana inu," anatero amayi osatembenuka, "ine sindinabwerere kudzamva inu. Inu ndimakumvani tsiku ndi tsiku."

Anaseka, koma anakhala chete. Zimene bambo uja ananena zinali zoona: mphepo inkawomba m'sipika ngati mwera, tambala ankalira, azimayi ankaimba nthungululu, mwana wina ankalira osatonthola. Koma amayi ankatchula anthu mmodzimmodzi ndi kuseka kwawo kokha, ambiri a iwo anagona kale. Ine maso anali pa deki. Nthawi zina chithunzi chinkanjenjemera, mizere n'kudutsa. Ndinkapemphera chamumtima, osati pemphero lalitali, koma mawu amodzimodzi: Ambuye, igwireni.

Kenaka munthu wina anakhosomola, kunja kwa chithunzi. Amayi anawongoka pampando.

"Ndi amenewo."

Abambo anali asanalankhule n'komwe. Nkhosa imadziwadi mbusa wake. Mawu oyamba amene anatuluka sanali a pemphero. Anali akuti, "Mayi a ana, auzeni alendo a ku Malengachanzi asendere kumthunzi kuno." Amayi anagwira pakamwa. Ndiyeno abambo anaonekera pansi pa mango paja, n'kunena kuti titseke m'maso. A kabaza ena anavula zipewa.

Anathokoza Mulungu chifukwa cha mpunga wa chaka chimenecho. Anapempherera oyenda panyanja. Anatipereka ine ndi mwamuna wanga m'manja mwa Ambuye, kuti nyumba yathu imangidwe pathanthwe. Atayamba kupempherera amene anaphika, mawu awo anayamba kukokeka, kulemera ngati munthu wogwidwa tulo. M'deki munamveka kuti the! Sikirini inasanduka yabuluu.

Mwini shopu anatulutsa tepiyo, riboni yake itakwinyika ndi kumatirira m'kati. Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu. Pemphero linali lisanathe.

M'kachetechete momwemo amayi anati, "Ameni." A kabaza anavomera pakhomo. Mwini shopu nayenso anati, "Amina," akupukuta kumaso ndi manja onse awiri.

Kompyuta inali itatola zonse mpaka pamene tepi inadukira. Anatiikira pa chimbale china, n'kuikanso pempherolo pa kakhadi ka m'foni kuti amayi azimvera ali kuchipinda. Tsono tili ndi zimbale ziwiri, china cha zithunzi zonse ndi kwaya yosadziwika, china chothera panjira koma chili ndi tambala, mphepo ndi mawu a abambo. Ana amakonda choyambacho. Amayi amamvera chachiwiri m'mawa asanamwe tiyi, ndipo abambo akafika pamene mawu amakokekera, iwo amamalizitsa okha.

Inu amene mwawerenga izi, Mulungu akusungireni mawu a okondedwa anu, akupatseni makutu owamva akadali nanu, ndipo pemphero lililonse limene linadukira panjira m'nyumba mwanu lipeze wolimalizitsa. Mtendere wake ukhale pa inu ndi pa ana anu.