Kukamvetsa bambo kambalame ka m'bango

Ndinakwera chapa, kaminibasi ka kwathu kuno, ku Moatize dzuwa lisanatenthe, mtima uli m'malere. Mlongo wanga Rozita anali atandiimbira kuchokera ku Zóbuè kuti bambo asiya kudya, chifuwa chakula, ndipo akupempha chinthu chimodzi chokha: kumvanso kambalame ka m'bango.

Bambo anali oluka mphasa. Tisanasamutsidwe ndi a malasha, ankadula bango m'mbali mwa Revubué, ndipo kambalameko kankawalirira chaka ndi chaka. Dzulo lake ndinali nditapita kwathu kwakaleko kuti ndikajambule kulira kwake pa foni. Bango ndinapeza lochepa, lakuda bii ndi fumbi. Ndinakhala mpaka masana, ndinangomva malole.

Kobradoro, wotolera ndalama m'chapamo, anandilipiritsa metikali mazana awiri, n'kundipanikiza pakati pa thumba la makala ndi mayi wina wonyamula abakha.

"Musaope, mano alibe," anatero mayiyo, bakha akundijompha bondo.

Titapitirira njira ya ku Nkondezi, injini inawira. Anzanga apaulendo akunyoza motorista woyendetsa chapayo, ine ndinaona dambo la bango kumunsi kwa msewu, ndinathamangirako. Kena kake kankalira m'katimo. Ndinatukula foni n'kujambula kulirako.

Mayi wokalamba amene ankachapa pamenepo anaimirira, sopo ali m'manja.

"Mwabwera kudzayeza malo? Nafenso tichoke?"

"Iyayi amayi, ndikujambula mbalame."

"Enanso anayamba choncho," anatero, osandichotsa diso mpaka ndinakwera.

Pa Mussacama ndinagula mbatata yokazinga ndi chimanga chootcha, koma ndinangoziika m'thumba osadya. Tinafika ku Zóbuè cha m'ma folo, mphepo ya m'mapiri ikulowa m'mafupa.

Bambo ndinawapeza pakhonde, atafunda bulangete, ataonda ngati bango lomwelo. Ndinawaikira foni pakhutu. Anatsinzina, anamvetsera mpaka kumapeto.

"Unakaona, Zakariya?"

"Pang'ono, ababa. Kofiirira."

"Mzere woyera pamwamba pa diso unalipo? Msana wamawangamawanga?"

Ndinapukusa mutu.

"Aka n'kakonkuno," anatero. "Kamaimba mokoma, kamamanga chisa m'bango. Kanga kaja kamalongolola ngati munthu wokalipa, mawu okhakhala, osapuma. Kamabwera mvula ikakhazikika, kamadya tizilombo, kamanenepa, ndipo mvula ikamatha kamapita. Dzira lake sindinalionepo. Padiri wina wa kutchalitchi anandiuza kuti kamakaswera ku Ulaya, kuwoloka nyanja ndi chipululu, kanthu kosadzaza dzanja."

Anatsokomola nthawi yaitali, Rozita akuwasisita pamsana.

"Komanso wachedwa, mwanawe. Chimanga chauma. Kapita kale."

"Ndidzakajambula mvula ikubwerayi, ababa."

Anamwetulira. Rozita analowa m'nyumba mofulumira. Tonse atatu tinkadziwa kuti mvula imeneyo sadzaiona.

Ndinabwerera Lolemba pa chapa ina. Podutsa pa dambo lija sindinasuzumire n'komwe. Zaka zonse zija ndinkawasenzera bambo mitolo ya bango kuchokera kumtsinje, iwo akuloza kambalameko ndi chikwakwa kuti taona apo, ine maso ali ku magalimoto a kumgodi, kusirira. Ntchito ya kumgodiko ndinaipeza, inatha. Bambo tinawaika m'mwezi wa chisanu. Mvula itagwa ndinapitanso ku Revubué kawiri, ndinamva timbalame tingapo, koma woti n'kumufunsa kuti kanu n'kati panalibenso.