Kapitawo Wamng'ono wa ku Mkombaphala

Tsiku limenelo tinalipo ine, mwana wanga wamwamuna woyendetsa thirakitala pa esiteti ya tiyi, mkazi wake, amadamu ophunzitsa ku mkombaphala, mayi wophika phala, ndi ana odzaza kalasi, mdzukulu wanga ali momwemo.

Nkhani inali yakuti mdzukuluyo, wa zaka zisanu, salankhula. Womuperekeza kusukulu ndinali ine, ndipo amadamu akamufunsa kanthu ndinkamuyankhira msanga kuti asavutike. Makolo ake anali atayamba kale zokamupimitsa kuchipatala ku Blantyre. Zikadatero, anzake akadapita ku sitandade wani iye n'kutsala.

Amadamu anati, "Agogo, tiyambe tamuona kaye. Ine ndikhala pakona ndizilemba zimene akuchita. Inu ndi makolowa mubisale kuseri kwa zenera, ndipo musatsokomole n'komwe."

Kundiuza ine zimenezo, kapitawo wakale, amene ndikaitana m'munda wa tiyi ankandimva mpaka kufakitale. Komabe ndinanyonyomala, maondo akulira.

Poyamba mdzukulu wanga uja anangokhala duu. Kenako anasuzumira kukhomo, n'kuona kuti kulibe munthu. Anatola katoni, n'kumubereketsa mnzake ngati dengu. Ena anawaimika pamzere kuti azithyola masamba a kamtengo kam'chitini. Iye manja kumbuyo, mimba patsogolo, ndendende ine.

"Masamba awiri ndi kansonga," anakuwa. "Iwe, zimenezo ndi ndodo. Ukufuna anthu amwe nkhuni?"

Amadamu cholembera chili kaliki. Ine m'chifuwa munadzaza, ndipo ndinangozindikira mutu wanga walowa kale pazenera.

"Magazi anga amenewo!"

Mayi wa phala anataya chipande, ana anabalalika, katoni inagubuduka. Kapitawo wamng'ono uja anaika chala m'kamwa, ziii. Amadamu anandiyang'ana, n'kuwonjezera mzere wina.

Ana ataweruka amadamu anatiwerengera zimene analemba: amalankhula bwino, amagawa ntchito, anzake amamumvera, kuchipatala n'kosafunika. Pomaliza anawerenga kuti, "Agogo ake ataonekera, anasiya."

Ndinawapempha abwereze pamenepo. Ine wothawa sukulu ndili sitandade thu, lero ndalembedwa m'buku la aphunzitsi. Pobwerera ndinauza aliyense wothyola tiyi amene tinakumana naye, ngakhale akutali.

Titafika pamlatho mwana wanga anandigwira mkono, akupukuta misozi ya kuseka.

"Bambo, mawuwo ndi anudi, palibe akukana. Koma kuyambira mawa muzimusiya pageti. Ndipo kunyumba wina akamufunsa kanthu, inu muziyamba mwamwa tiyi wanu."