Masamba Awiri ndi Kansonga

Ndikukumbukira amalume anga, kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti, munthu amene sankatha kulankhula mawu atatu osafika pa ntchito yake. Ukawapatsa moni, ankayankha za mvula ndi masamba. Ngakhale pamaliro ankatamanda womwalirayo kuti dengu lake silinkabwezedwa pasikelo. Ife ana tinkawawerengera pazala: oyamba, achiwiri, basi tiyi uja wafika!

Vuto linadza pamene achemwali anga a Esinati anapeza mwamuna wa ku Goliati. Kwawo kwa mnyamatayo anali a Sabata enieni, osalawa tiyi ngakhale pang'ono, ndipo tinamva kuti ankanyinyirika kale zotenga mkazi wa pa esiteti. Nanga ankhoswe athu? Amalume omwewo. A Esinati analira sabata yathunthu.

"Achimwene, chonde, lero lokha," amayi anawadandaulira. "Tiyi mumusiye kumunda." Ine anandikhazika pambali pawo kuti akangoyamba, nditsokomole.

Tsiku lachinkhoswe kunali chiperoni, ndipo kafungo ka tiyi wa kufakitale kankalowa pawindo ngati kakuwaputa dala. Amalume anaimirira. Anathokoza Mulungu. Anathokoza alendo. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Kenaka anayang'ana a Esinati, misozi ili lengelenge, n'kunena kuti, "Mwanayu si tsamba lokhwima ayi. Ndi masamba awiri ndi kansonga, giredi yoyamba!" Ndinatsokomola mpaka kukhosi kuwawa, koma madzi akatayika saoleka.

Amayi anazolika. Ndiye ankhoswe a kuchimuna, mkulu amene anakalambira pa unamwino kuchipatala cha mishoni, anakonza magalasi awo.

"Ifenso wathuyu tamuyeza," anatero. "Thupi silikutentha, koma mtima ukuthamanga kwambiri. Mankhwala ake ndi amene akhala apowa."

Anthu anafa nalo phwete, ngakhale makolo a mnyamata aja. Ukwati unatheka, ndipo ulipo mpaka lero.

Amalume anatisiya kalekale. M'minda ina masiku ano amangometa ndi makina, osasankhanso kansonga. Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndikatchula mayeso tikudya, ana anga amawerenga pazala pansi pa tebulo, poganiza kuti sindikuwaona. Sindiwakalipira. Ndimawasowa amalume, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti tsiku lija sanaiwale pempho la amayi. Anafufuza mawu oyenera mwana wa mlongo wawo, ndipo oposa amenewo analibe.