Tayala la Dazi Kutsogolo

Boma litanditumiza kukaphunzitsa kufupi ndi Nkhudzi, ndinapita ndi mkazi, njinga, ndi nzeru zochuluka moti ndinkadabwa kuti anthu a kunyanja ankakhala bwanji ine ndisanafike. Ndinkaphunzitsa sayansi, ndiye mundimvetse.

Nyumba tinaipeza patali ndi sukulu. M'chilimwe njira inali yamchenga, yongotopetsa miyendo, koma mvula ikagwa, pamtsetse wotsikira kukamtsinje pankaterera ngati therere. Dzinja lina linandipeza matayala onse awiri atatha mano, dazi lokhalokha. Ndinagula latsopano limodzi, lamano akuluakulu, n'kupita nalo kwa bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Anali mkulu wosapupuluma, amene nthawi yoswali ikakwana ankangonyamuka n'kusiya njinga yako miyendo ili m'mwamba.

"Ikani kumbuyo," ndinatero.

Ndi mmene timachitira tonse. Latsopano limapita kumbuyo chifukwa ndiko kumakhala katundu, lakutha limapita kutsogolo kukapuma. Akabaza amatero, onyamula makala amatero, ndipo onsewa amapopa mpaka tayala lizilira ngati ng'oma.

Mkuluyo anasisita mano a tayala lija ndi chala. "Aphunzitsi, dzinja lino? Lakumbuyo likaterereka mumangoponda pansi basi. Lakutsogolo likaterereka, wallahi, mumadya dothi. Lamanoli liyikeni kutsogolo. Komanso musapope kwambiri, lizigwira pansi."

Ndinamuthokoza chifukwa cha maganizo akewo, kenako ndinamufotokozera za kulemera kwa katundu, pang'onopang'ono, monga ndinkachitira ndi ana a Sitandade 6. Ndinajambula ngakhale pansi ndi kamtengo. Iye anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti, "Njinga ndi yanu." Analiika kumbuyo. Kupopa ndinapopa ndekha, kuopa kuti angandinamize.

Patapita masiku ochepa linakwana tsiku la sikelo. Mkazi wanga anali woyembekezera, mimba yathu yoyamba, ndipo miyendo inali itayamba kumutupa. Mvula inali itagwa m'mawa. Anaima pakhomo n'kuyang'ana tayala lakutsogolo lija.

"Inu, tifika ndi limeneli?"

"Kwerani, zonse ndinaziwerengera kale."

Pamchenga tinayenda bwino, ine n'kumaimba mluzu kuti aone kuti anakwatiwa ndi munthu wophunzira. Titafika pamtsetse paja ndinagwira buleki pang'ono chabe. Tayala lakumbuyo linagwiradi pansi bwinobwino, sindingalinamizire. Lakutsogolo ndi limene linasankha njira yakeyake. Ine ndinagwa chafufumimba, iye anagwera cham'mbali, manja onse awiri atagwira pamimba.

Sanalire. Anangokhala m'matopemo, maso ali pansi, akumvetsera. Ndinamufunsa ngati wavulala, iye anandiletsa ndi dzanja kuti ndikhale chete. Kenako anati, "Sakusuntha."

Mantha amene ndinachita pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Sayansi yanga yonse inathawira kutchire.

Amayi awiri amene ankachokera kogula usipa anatula mabeseni awo, anamudzutsa, n'kumugwira uku ndi uku mpaka kuchipatala. Ine ndinkabwera pambuyo ndikukankha njinga, matope mpaka m'kamwa, palibe anandifunsa maganizo anga pa chilichonse. Namwino anamugoneka n'kuika kachitsulo kake pamimba, khutu lake pamwamba. Anasuntha kachitsuloko, anamvetseranso, anakasunthanso. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ena ndinangowapeka pomwepo.

"Alipo, mtima ukugunda," anatero namwinoyo. "Amuna anu ndi awa?"

Mkazi wanga anatenga kanthawi asanavomere.

Pobwerera ndinapukuta kaliyala ndi malaya anga, n'kuyalapo chitenje. Iye anangondilambalala n'kuuyamba wapansi, ndi miyendo yotupa ija, mvula ikuwaza. Mwana uja pano ali kusekondale, ndipo ndamunyamulapo panjinga kosawerengeka. Mayi ake sanakwerenso njinga yanga mpaka lero.