Nsomba ya M'mwala Inamwa Madzi Anga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi pakamwa. Ndinkagulitsa mipini pamsewu ku Chinyunyu pamene galimoto ya anthu ofufuza miyala inaima. Mtsogoleri wawo, mayi amene onse ankawatcha ba Dokota, ankafuna mpini wa piki. Tinalimbana pa mtengo mpaka dalaivala anazimitsa injini. Pomaliza mayiwo anaseka: "Ngati miyendo yanu ili ngati lilime lanu, tiyeni ku Shikabeta mukatinyamulire katundu."

Kuchigwa cha Shikabetako anandiphunzitsa kung'amba mwala wa matope ouma ndi nyundo ndi tchizulo, motsata mizere yake, kenaka kusesa ndi burashi. Ati tikufuna nsomba. Ndinayang'ana minga ndi fumbi la Okutobala, n'kudziuza kuti sukulu ikachuluka imawononga mutu.

Tsiku lina masana mwala unatseguka m'manja mwa ba Dokota. Nsomba! Yathunthu, kutalika ngati chikhatho changa. Mamba ake anali okhuthala, a ngodya zinayi, olumikizana ngati matailosi, akunyezimira ngati awapaka mafuta dzulo. Kumchira, nthambi ya pamwamba inali yaitali kuposa ya pansi.

"Pamene mwapondapo panali nyanja," anatero ba Dokota motsitsa mawu. "Kunalibe munthu, kunalibe ngakhale mbalame."

Koma dzuwa linayamba kung'alula mwalawo. Kuti usaphwanyike ponyamula, timaukuta ndi tishu yonyowa, kenaka masaka oviika mu pulasitala. Tsoka lake, chigubu cha madzi a ntchito chinali chitabooka m'njira. Anzanga anali atamwa awo. Ine womana ndinali nditasunga anga. Galimoto inali kuseri kwa phiri.

Ba Dokota anatembenukira kwa ine: "Ba Tembo, madzi otsala ndi anu. Mukakana tiisiya, koma mvula yoyamba idzaimaliza."

Ine amene mbasela, kaja kaulere koonjezera wogula, imandipweteka ngati dzino, ndinatsegula pakamwa kuti tikambirane mtengo. Koma maso anga anagwera pamwalapo. Nsombayo inali itagona mumdima zaka mamiliyoni ambirimbiri, ndipo maso oyamba kuiona anali athu. Ndinakhuthulira madzi onse m'beseni.

Pulasitala itauma ndinasenza mtolowo kukwera phiri, ludzu litandigwira, ntchentche zikundiseka. Ba Dokota anali pambuyo panga: "Pang'onopang'ono, ba Tembo, mwasenza akuluakulu."

Chimene ndinatengako n'chakuti ife anthu m'dziko muno tafika dzulo madzulo. Eni ake agona pansi pa mapazi athu, ndipo mlendo pakhomo pa eni amaponda mwaulemu.